Nanzikambe Wanga ndi Mimba ya Adimini

Lolemba, 10 Malichi

M'mawa.
Kope ili ndinagula kuti ndizilembamo masiku ofesa mbewu. Akazi anga, Nambewe, akuti ndizilembamo zimene ndikufuna kunena pa gulupu, m'malo mokazinena pagulupupo. "Kope silichotsa munthu," akutero. Chabwino. Tione.

Gulupu yake ndi ya ife olima kuseri kwa nyumba. Anthu makumi anayi ndi atatu. Ambiri ndi a muno mu Eriya 25, ena a ku Kawale, ena a ku Chinsapo, ndi mmodzi wa ku 47 amene mpaka lero sindikudziwa analowa bwanji. Timatumizirana zithunzi za ndiwo zathu, timagawana mbewu, timanamizana za manyowa. Lamulo ndi limodzi: machenjezo atatu, panja.

Ine ndili nawo awiri.

Loyamba: ndinauza a Lungu, a ku 47 aja, kuti maluwa awo anawatenga pa intaneti. Kumbuyo kwa maluwawo kunali phiri loyera mbee ndi chisanu. Ku 47 kuli phiri liti?

Lachiwiri: mayi wina anafunsa chimene chikupha tomato wake. Ndinati ndi iyeyo. Amathirira masana, dzuwa lili paliwombo! Akuti vuto silinali yankho, linali "kayankhulidwe".

Ine sukulu ya ulimi sindinapiteko. Kulima ndinadziphunzitsa ndekha, kujambula ndinadziphunzitsa ndekha. Kunyengerera anthu kokha ndiye kunandikanika, ndipo sindidandaula nako.

Koma kuchotsedwa sindikufuna. Ndilembe poyera, poti muno mulibe wowerenga. Chisiyireni ntchito ku Kanengo, gulupu imeneyi ndiye kuntchito kwanga. Ndikadzuka ndimayambira mmenemo. Akandichotsa, ndiziuza ndani kuti therere langa layamba maluwa? Nambewe amangoti "eya", maso ali pa makina osokera.

Tsono sabata ino pali mpikisano. Alengeza ndi adimini athu, Mayi a Tadala, aphunzitsi, munthu waulemu, oyembekezera, mwezi wotsiriza. Aliyense ajambule chamoyo chopezeka m'dimba mwake. Lamulungu tivota. Chopambana chikhala chithunzi cha gulupu mwezi wathunthu.

Pulani yanga:
1. Kujambula nanzikambe amene akukhala mu nandolo wanga.
2. Kutumiza.
3. Kutseka pakamwa mpaka Lamulungu.
4. Kupambana.

Nambewe awerenga. "Nambala 3 yokhayo ndiye ndikufuna ndione ndi maso anga."

Masana.
Mphindi makumi anayi nditaima pa ndowa yotembenuza. Dzuwa kumsana, galasi la foni nditalipukuta ndi malaya, mpweya nditaugwira. Ndamupeza! Wobiriwira ngati tsamba lanthete, mzere wachikasu m'nthiti, mchira ataupinda ngati nkhata, dzanja limodzi lili m'mwamba ngati akufuna kufunsa funso kumsonkhano. Diso limodzi pa ine, lina kuchimbudzi. Zaka makumi awiri ndi ziwiri ndinasankha fodya ndi maso awa, mtundu ndimaudziwa. Chithunzi chotere sichinalowepo m'gulupu ija.

Ndatumiza. Osalemba kalikonse pansi pake. Nambala 3.

Madzulo.
Zimene zabwera:
- Sitika ya munthu atagwira kumutu.
- "Magazi a Yesu!"
- Mayi wina wa ku Chinsapo walefuta, watuluka m'gulupu.
- A Lungu atumiza gulugufe. Mitima khumi ndi iwiri.
- Voisi ya mphindi zitatu yochokera kwa Anaphiri.

Anaphiri ndi apongozi a adimini. Amagulitsa kaunjika kumsika, amalima mpiru m'matayala, ndipo salemba, amangojambula mawu. Akuti: "Bambo inu, kunyumba kwanuko kulibe munthu wamkazi wokulangizani? Muno muli munthu wapakati, wangotsala ndi maola, inu n'kumamuonetsa chinthu choyenda mozengereza chonchi? Mwana akayamba kuchedwa tidzakupezani."

Zimene ndikanayankha: Mayi, mwana wa m'mimba saonera foni.
Zimene ndayankha: palibe.
Nambala 3 ikugwira ntchito. Mutu ukuwawa.

Lachiwiri, 11 Malichi

Lero ndiye tsiku limene a kusikelo anawauza Mayi a Tadala kuti mwana adzabadwa. Gulupu yonse ikudziwa, chifukwa Anaphiri alengeza 6 koloko m'mawa, n'kuwonjezera kuti "tiona ngati zitheke, poti ena atitchingira njira."

Ena ndi ine.

Nambewe akuti ndifufute chithunzicho. Ndati kufufuta ndi kuvomera mlandu. Akuti kusafufuta ndi kudziphikira ndekha sabata yonse. Ndafufuta.

10 koloko.
Chachoka. Ndapuma. Ndikupalira nyemba.

11 koloko.
Uthenga wa mayi wa tomato uja: "Bambo, chinthu chanu chikadalipo." Ine sindikuchiona. Iwo akuchiona! Ndaimbira Mphatso, mwana wanga wa ku Biwi, amene anandigulira foniyi. Akuti ndadina pofufuta kwa ine ndekha, ndipo tsopano kwa enawo sindingathenso kuchichotsa. Ndiye kuti pa anthu makumi anayi ndi awiri otsalawa, mmodzi yekha amene ankachikonda ndi amene sakuchiona.

Pomaliza akuti, "Koma adadi, chonde musachitumize ku gulupu ya banja." Ndani wanena za gulupu ya banja? Mwana wophunzira mpaka koleji, mantha ngati anthu a pamsika.

Masana.
Mayi a Tadala alemba okha: "Abambo musadandaule, ine zimenezo sindizikhulupirira. Komanso ndinachiona kale, ndinachita kuchikulitsa kuti ndione bwino maso."

Anachita kuchikulitsa! Anaphiri atumiza nkhope zolira zisanu ndi ziwiri.

Kenaka chinthu choipitsitsa. Mayi a Tadala akuti poti iwo anyamuka nthawi iliyonse, aika apongozi awo kukhala adimini wachiwiri. Batani londichotsera lili m'manja mwa munthu wa mavoisi.

Ndawapempha Anaphiri kuti, poti adimini angathe, achifufute iwowo. Ndalemba mpaka "chonde". Yankho: "Ayi, chikhale. Ndi umboni."

Tsiku lonse gulupu ikukambirana ngati chithunzi chili ndi mphamvu yofanana ndi nanzikambe weniweni. Za ndiwo palibe akukamba.
- Mkulu wa mpingo wina wa ku Kawale: chithunzi chilibe mphamvu, mphamvu ili m'pemphero. Koma wavomera kuti iyeyo sanachitsegule.
- Mayi wa tomato: msuweni wake anaona fulu pa kanema ali ndi pakati, mwana anayamba kuyenda atakwanitsa zaka ziwiri.
- Bambo wina: zimatengera kukula kwa foni.
- A Lungu: ndime zitatu za Chingerezi, kundiikira kumbuyo.

Kuikiridwa kumbuyo ndi munthu wa phiri loyera. Ndafika pamenepa.

Madzulo.
Mwana sanabadwe. Nanzikambe wasuntha nthambi imodzi.

Lachitatu, 12 Malichi

Moni wa Anaphiri ku gulupu: "Mwadzuka bwanji nonse. Tsiku loyamba lopitirira."

9 koloko.
Voisi ya mphindi zisanu. Mankhwala apezeka. Akuti amene anamanga ndi amene amasule. Nditumize chithunzi cha chamoyo chothamanga, cha m'dimba lomwelo, chojambulidwa ndi foni yomweyo, mpongozi wawo achiyang'ane. "Mukakana ndiye kuti munachitira dala, ndipo chenjezo lachitatu ndili nalo m'manja."

Mafunso amene sindinafunse:
1. Mwambo umenewu unayamba liti, poti makolo athu analibe foni?
2. Anawaphunzitsa ndani, kapena aupeka m'mawa womwewu ali pa mulu wa kaunjika?
3. Ngati zimagwira ntchito, bwanji kuchipatala sapachika chithunzi cha njinga yamoto m'chipinda cha amayi?

Nambewe aseka funso lachitatu mpaka kuimitsa makina. Kenaka: "Musayerekeze."

Ndalemba: "Chabwino mayi." Mawu awiri okha, koma thukuta.

Zothamanga za m'dimba mwanga:
- Buluzi wa pampanda.
- Anamzeze.
- Tombolombo.
- Khoswe, koma kumeneko ndi kudziyalutsa ndekha pamaso pa anthu.
- Nkhuku ya aneba ikandiona.

Masana.
Buluzi: zithunzi makumi atatu ndi zinayi za njerwa. Njerwa zake zatuluka bwino kwambiri.
Anamzeze: thambo, ndi kadontho kamodzi. Nambewe akuti ndi fumbi la pagalasi. Ndapukuta. Linalidi fumbi.
Tombolombo: chala changa.

Munthu wa zaka zanga, kuthamanga m'mizere ya nyemba foni ili patsogolo! Ndaponda mapesi awiri a chimanga changa chomwe.

3 koloko.
Nkhuku! Ndaigwira ili pa liwiro, mapiko atatambasuka, miyendo yonse m'malere. Ndatumiza.

Anaphiri: "Nkhuku si chamoyo cha m'dimba, ndi ndiwo. Komanso nkhuku imakhalira mazira masabata atatu. Mukufuna tidikire masabata atatu?"

Aneba aima pampanda. Akufunsa ngati nkhuku yawo yandilakwira chiyani, poti andiona ndikuizunguliza nyumba katatu. Ndati ndi nkhani yaitali. Akuti aimva kale kumjigo.

Madzulo.
Mwana palibe. Bondo likuwawa. Nyemba sindinamalize kupalira. Gulugufe wa a Lungu wafika mitima khumi ndi isanu ndi inayi. Pali chinachake chonyezimira pamsana pa gulugufe ameneyu. Ndachikulitsa. Ndachiona. Sindinena kanthu. Nambala 3!

Lachinayi, 13 Malichi

Mvula kuyambira mbandakucha. "Tsiku lachiwiri lopitirira."

Abuluzi onse alowa m'ming'alu. Anamzeze sakuoneka. Nkhuku aitsekera.

Zimene zatuluka m'dimba lero:
- Nkhono zisanu ndi imodzi.
- Bongololo.
- Nyongolotsi.
- Chule wonenepa amene sakusuntha ngakhale ndimukhudze ndi kamtengo.

Dimba lonse lapangana zondinyoza.

9 koloko.
Mvula yadukiza pang'ono. Nkhono imodzi ili pa tsamba la nkhwani, nyanga zitaimirira, kadontho ka madzi kali lende pansonga. Kuwala kwake kofewa, kopanda mthunzi. Ndajambula. Mulungu andikhululukire, chaposa cha nanzikambe! M'kadonthomo mukuoneka nyumba yanga itazondoka, mpaka zenera.

Ndipo sindingatumize. Nkhono! Kukhala ngati ndikuwaputa dala. Chala chinafika pabatani chokha, popanda kundifunsa. Nambewe andigwira dzanja, n'kubwerera ku makina.

Masana.
Kumsika, kukagula sopo. Wogulitsa makala: "Bambo a nanzikambe, mwaswera bwanji?" Munthuyu sali pa gulupu. Akuti chithunzi chinafika ku gulupu ya kwaya ya akazi ake, ndi chenjezo pamwamba loti oyembekezera asatsegule. Anthu a ku Mgona achiona. A ku 23 achiona. Chithunzi changa chatchuka mzinda wonse, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe wayang'ana mzere wachikasu uja.

Pa siteji ndakumana ndi amuna a Mayi a Tadala. Moni wa mutu wokha. Maso ofiira, munthu sakugona.

3 koloko.
Odi pageti. Amayi awiri a pagulupu, ambulera imodzi. Akuti abwera kudzangoona nanzikambe. Koma wina m'dzanja muli kabotolo ka fodya wamphuno. Ndikudziwa ntchito yake: akamuthira m'kamwa afa, ndipo akuti nkhani ithera pomwepo.

Ndawauza kuti anasamuka dzulo. Bodza. Anali pamwamba pa ambulera yawo yomweyo, nthambi yachitatu, atasanduka nandolo. Ayang'anayang'ana, apempha nkhwani, apita. Zaka zonsezi ndikunena zoona n'kumalandira machenjezo. Lero ndanama kamodzi, ndalandira "zikomo abambo".

Ndamunyamula pa kamtengo, ndakamuika mu mtengo wa mandimu kuseri kwa bafa. Ulendo wonse amandiyang'ana ndi diso limodzi. Nambewe: "Musambe m'manja katatu musanakhudze mbale zanga." Nawonso!

Madzulo.
Sindikhulupirira zimenezi. Ndalemba, ndipo ndikubwereza: sindikhulupirira.

Koma ndikukumbukira kubadwa kwa Mphatso. Nambewe masiku awiri m'chipatala, ine panja pabenchi, palibe wondiuza kanthu. Mayi a Tadala ndi amene anandilowetsa m'gulupu atandiona ndikuthirira ndi chitini choboola. Ndi amene anandichonderera pa chenjezo lachiwiri. Chikachitika china chake, m'dera muno palibe adzanene za matenda. Adzati nanzikambe. Ine ndidzadziwa kuti si zoona, koma moni pamsewu ndidzaupereka ndi nkhope yanji?

Mawa dzuwa liwale, chonde.

Lachisanu, 14 Malichi

Dzuwa! "Tsiku lachitatu lopitirira," ndi sitika ya wotchi.

Nzeru zatsopano: kusiya kuthamangitsa. Wothamanga amafuna kumudikira. Ndakhala pansi pampanda, beseni lili m'manja. Ola limodzi ndi theka. Nyerere zandidya mpaka m'chiuno. Aneba asuzumira, abwerera, osafunsa.

10 koloko.
Vuu! Ndamuvundikira! Buluzi wamizere, wonenepa bwino. Ndamulowetsa m'ndowa, ndadikira kuti mtima wake ukhale pansi, ndi wanga womwe. Ndajambula. Mamba onse akuoneka, limodzilimodzi. Zala zisanu, zikhadabo, diso lakuda lonyezimira. Ntchito ya munthu wodziwa. Ndatumiza.

Anaphiri, mphindi isanathe: "Uyu wakhala pansi. Tikufuna wothamanga. Kodi Chichewa chikuvuta?"

Ndaika foni pa khonde. Ndazungulira nyumba kawiri. Ndazula chisoso chonse cha kumpanda ndi manja. Ndabwera kudzalemba muno.

Mayi inu! Chinthu chikamathamanga, foni iyi siichigwira. Chikaoneka bwino, ndiye kuti chaima. Mukufuna chothamanga choima? Mukufuna ndimupemphe buluzi athamange pang'onopang'ono? Amenewo ndi nanzikambe, ndipo ndi amene anatifikitsa pano!

Basi. Zatuluka. Kope silichotsa munthu.

11 koloko.
Ndapendeketsa ndowa kuti azipita kwawo, ndadina mwachisawawa. Chotuluka: mzere wabulauni wodutsa pa simenti, ngati wina wapaka matope ndi chala. Pakona, chala changa chachikulu chakuphazi. Chithunzi choipa kuposa zonse zimene ndinajambulapo, kuwerengera ndi njerwa za Lachitatu.

Nambewe, pamwamba pa magalasi: "Tumizani chomwecho."
Ndati ndili ndi mbiri yoti nditeteze.
"Mbiri yanu ndi bambo a nanzikambe. Tumizani."

Ndatumiza.

Anaphiri: "Eyaaa! Uyu ndiye! Taonani liwiro, mpaka osaoneka!"

Mitima makumi atatu ndi umodzi. Zaka ziwiri ndili m'gulupu imeneyi, kabichi wanga wamkulu ngati mutu wa ng'ombe anapeza mitima inayi. A Lungu akuti ndi luso lamakono, kunja zotere amazipachika m'makoma. Mayi wa ku Chinsapo uja wapempha kuti amubwezeremo.

Mayi a Tadala: "Ndayang'ana, abambo. Apongozi anandiimirira mpaka nditawerenga kufika khumi." Ndi nkhope zitatu zoseka. Munthu wabwino ameneyu.

Madzulo.
Chenjezo lachitatu palibe. Kwatsala masiku awiri. Ndatopa ngati ndasenza mabelo tsiku lonse. Nyemba zikuoneka ngati munda wa munthu amene anasamuka.

Loweruka, 15 Malichi

8 koloko.
Foni ikungonjenjemera. Mavoisi a nthungululu okhaokha. Mwana wabadwa! Wamkazi, wathanzi, mayi ake ali bwino!

Ndakhala pansi pakhonde. Mpweya umene ndinaugwira Lachiwiri ndautulutsa lero.

Nkhani yake, monga ikubwerera m'zidutswa: matenda anayamba cha m'ma 6. Galimoto ya aneba awo inakana kulira. Anakwera minibasi. Pa M1, atangopitirira Kanengo, mwana anati ine sindidikira. Dalaivala anaima pambali, abambo onse anatsika, amayi anatchinga mazenera ndi zitenje, mayi wina wopita kukagulitsa nthochi ndiye anakhala mzamba. Kondakitala akuti analira kuposa mwanayo. Kenaka minibasi yonse inawaperekeza mpaka kuchipatala, palibe anadandaula za kuchedwa.

Ndalemba: "Tithokoze Mulungu." Mitima isanu.

Nambewe apita kukwaya. Andisiya ndekha ndi foni. Pamenepa alakwitsa ndi iwo.

10 koloko.
Voisi ya Anaphiri, ali m'khonde la chipatala: "Tikuthokoza nonse chifukwa cha mapemphero. Koma bambo aja, tinati chothamanga, sitinati mphezi. Mdzukulu wanga kubadwira m'minibasi ngati katundu? Mwaonjeza muyezo. Zinthu izi zimafuna odziwa."

Kope linali m'nyumba. Foni inali m'manja.

11 koloko.
Voisi yanga: mphindi zisanu ndi ziwiri. Zimene ndikukumbukira kuti ndanena:
- Kuti mwana amabadwa tsiku lake, ndipo buluzi sadziwa n'komwe kuti padziko pali Mayi a Tadala.
- Kuti mwambo wa foni anaupeka okha Lachitatu, ndipo akanakhala ndi manyazi akanaupeka wosavuta kujambula.
- Kuti mpiru wawo wa m'matayala uli ndi nsabwe, aliyense amaziona, aliyense amaika mtima.
- Kuti tomato wa mayi uja akufabe, ndipo womupha sanasinthe.
- Kuti mkulu wa mpingo atsegule chithunzi ngati pemphero lake lili ndi mphamvu.
- Kuti gulugufe wa a Lungu ndi wakufa. Phini ikuoneka pamsana.
- Kuti pa anthu onsewa, sabata yathunthu, palibe ndi mmodzi yemwe wanena kuti nanzikambe anajambulidwa bwino.

Mfundo yotsirizayi inangotuluka yokha. Sindimayembekezera.

Za a Lungu sindikanayenera kunena. Munthu anandiikira kumbuyo ndi Chingerezi chake chonse. Koma phini ndi phini.

Panadutsa mphindi zisanu ndi ziwiri ndendende, kusonyeza kuti anamvera yonse mpaka kumapeto. Kenaka timalemba totuwa pansi: Anaphiri akuchotsani.

Masana.
Foni ili zii. Ndaigwedeza kawiri kuona ngati yazima.

Nambewe abwera. Sanafunse. Ayang'ana nkhope yanga, ayang'ana kope lili patebulo, bolopeni ili pamwamba pake. "Linali pafupi chonchi."

Ndapalira nyemba zonse, mpaka za m'malire a aneba.

Lamulungu, 16 Malichi

Ndadzuka, ndatsegula foni mwachizolowezi. Mulibe kanthu.

Therere layamba maluwa. Ndawauza Nambewe. "Eya."

Kutchalitchi ulaliki wa kuleza mtima. Chigongono cha Nambewe m'nthiti mwanga, kawiri.

Masana.
A Lungu ku inibokosi. Akuti phini ndinaiona bwino, maso anga ndi oopsa, gulugufe anamutola atafa kale pa galasi la galimoto. Kenaka anditumizira zotsatira za mavoti. Buluzi wapambana. Chithunzi cha gulupu tsopano ndi mzere wabulauni ndi chala changa chakuphazi. Mwezi wathunthu. Ine ndizichionera pa foni za anthu.

Pulani inali ndi mfundo zinayi. Zitatu zatheka.

Mayi a Tadala nawonso alemba, ali pabedi la kuchipatala. Chithunzi cha kamwana, nkhonya zili kumaso. "Abambo, nanzikambe uja anali wokongola, ndinamusunga. Za gulupu ndayesa. Apongozi akuti tidzaona mwana akayamba kuyenda."

Akayamba kuyenda. Ndipo akachedwa kuyenda, wolakwa tikumudziwa kale.

3 koloko.
Manambala atatu osawadziwa.
- "Ndinu bambo a buluzi? Mlamu wanga wapitirira ndi sabata. Tithandizeni."
- "Titumizireni, koma wocheperako liwiro. Kwathu ndi kutali ndi chipatala."
- Mayi wina akufuna nanzikambe. Akuti mwana wake wamkazi akuthamangira banja.

Yankho lawo ndalilemba, masamba awiri, kumapeto kwa kopeli. Kwa iwo ndangotumiza zithunzi zimene apempha. Ndatopa.

Mu mandimu nanzikambe mulibe. Kapena alimo. Sindinafufuze kwambiri, wavutika mokwanira chifukwa chodziwana ndi ine.

Madzulo.
Ndawaonetsa Nambewe chithunzi cha nkhono. Avala magalasi. Ayang'ana nthawi yaitali, achikulitsa, apeza zenera lathu m'kadontho. "Ichi ndiye chokongola."

Ndati ndichitumize ku gulupu ya banja, poti ndi yokhayo yanditsalira. Andilanda foni.

"Musayerekeze. Mkazi wa Mphatso ali ndi pakati, miyezi isanu. Aliyense akudziwa. Timaopa pakamwa panupo."

Ndatseka pakamwa, popanda wondiuza. Nambala 3 yatheka, tsiku litapita.

Sindikhulupirira zimenezi. Ndikubwereza, ndipo ndidzabwereza pamaso pa aliyense. Nkhono ikhala m'foni mpaka Julayi.

Buluzi sindimufufuta.